Sitima ilibe buleki: mawu kwa alovi ochokera kumtunda

Ntcheu alibe gombe. Madzi aakulu amene ambiri a ife tidawaona tikukula ndi a Bwanje kapena Livulezi akasefukira m'dzinja. Komabe nyanja imatidyetsa. Usipa umene mumagula pa Kampepuza kapena pa Lizulu wambiri umachokera ku Malembo, ku Msaka ndi madoko ena a ku Mangochi, ndipo ena mwa anyamata amene amaukoka usiku ndi ana a kwathu konkuno, a ku Kasinje, Sharpevale ndi Bilira, amene amakhota pa Golomoti kukasaka ganyu ya ulovi chimanga chikatha m'nkhokwe. Lero ndikulembera iwowa, makolo awo, ndi amayi a geni ya nsomba amene amakwera maboti kusanache.

Ine ndine woyendetsa sitima za pamadzi. Ndidaphunzira ntchitoyi ku sukulu ya za pamadzi ku Monkey Bay, ndipo ndachezera usiku wambiri m'chipinda chowongolera, maso ali patsogolo. Chimene chimandidetsa nkhawa koposa mafunde ndi chikhulupiriro chimodzi chimene ndimachipeza mwa asodzi, achikulire ndi achinyamata omwe: amati popeza iwo aiona sitima, nayonso yawaona. Si choncho ayi.

Bwerani muime pamene ine ndimaima. Mwezi uli kumdima, nthawi imene usipa umafa bwino, ndipo kutsogoloku nyali za asodzi zayala mzere mpaka kumene maso alekezera. Nyali iliyonse ili pa bwato la siginala, munthu amene amaitana nsomba ndi kuwala. Iyeyo ndimamuona, ngakhale kuti usiku n'kovuta kudziwa ngati nyali ili pa mtunda wa mamita 500 kapena makilomita atatu, chifukwa nyali yowala kwambiri ya kutali imafanana ndi yofooka ya pafupi. Koma siginala sakhala yekha. Pambali pake pali boti la matabwa ndi bwato lina zimene zanyamula chilimira, ndipo izi zimakhala mumdima dala kuopa kubalalitsa nsomba. Pakati pa izo pali ukonde ndi zingwe. Zonsezi kwa ine kulibe. Ndikakhotetsa sitima kuti ndilambalale nyali, n'kutheka ndithu kuti ndikulunjika pa boti lamdima muli anthu asanu ndi atatu.

Nyali yomweyo imene imaitana usipa imachititsanso khungu amene ali pafupi nayo. Aliyense wa kumudzi akudziwa kuti wootha moto usiku saona munthu amene akubwera kuchokera kumdima. Diso limafuna mphindi 20 kapena 30 kuti lizolowere mdima bwinobwino, ndipo kuwala kwa kanthawi kochepa kumafafaniza zonsezo. N'chifukwa chake m'chipinda chathu chowongolera timazimitsa magetsi onse, n'kusiya tinyali tofooka ta pa zipangizo. Mlovi amene wakhala akuyang'ana nyali ya batire usiku wonse, injini ikulira pambali pake, sitima amaizindikira itafika kale pamphuno.

Ambiri amandifunsa kuti, nanga si muli ndi radar? Tili nayo. Koma radar imagwira ntchito potumiza mafunde a wailesi amene amagunda chinthu n'kubwerera. Chitsulo chimawabweza bwino. Mtengo wonyowa umene wangotuluka pang'ono pamwamba pa madzi suwabweza mokwanira, ndipo nyanja ikawinduka, mafunde a madziwo amadzaza galasi ndi timadontho, bwato n'kusowa pakati pa timadonthoto. Ndayang'anapo galasi la radar likuonetsa nyanja yopanda kanthu pamene makutu anga akumva anthu akukuwa kumanzere kwa sitima.

Tsono tiyerekeze kuti ndakuonani. Sitima ilibe buleki. Taganizani za Ilala, imene idapangidwa ku Scotland mu 1949, n'kubwera m'zidutswa kudzera ku Beira, n'kuyamba ntchito panyanja yathu mu 1951. M'litali mwake ndi mamita 52, chitsulo chokhachokha, kuwonjezera apo anthu ndi katundu. Chinthu chotere ukachibweza injini m'mbuyo chimapitirirabe kutsogolo mtunda wotalika kangapo kuposa icho chomwe, ndipo liwiro likamatsika chiwongolero chimayamba kusamvera. Sitima yoyenda makilomita 18 pa ola imadya mamita 300 pa mphindi imodzi. Ngati mwaiona ili pa kilomita imodzi, mwatsala ndi mphindi zitatu ndi kachidutswa. Amene adakokapo chilimira chodzaza akudziwa kuti pa mphindi zitatu sungachikweze m'boti.

Chabwino n'chakuti sitima imanena yokha kumene ikulowera, bola udziwe kuwerenga nyali zake. Malamulo a dziko lonse opewera kugundana pamadzi, amene adakhazikitsidwa mu 1972, amati sitima ikhale ndi nyali yofiira kumanzere kwake, yobiriwira kumanja kwake, yoyera pamlongoti ndi ina yoyera kumbuyo. Nyali za m'mbalizi zidatchingidwa kuti zizioneka kuchokera kutsogolo ndi m'mbali basi. Mukaona yofiira yokha, mukuona nthiti yake ya kumanzere. Mukaona yobiriwira yokha, ndi ya kumanja. Mukaona yoyera imodzi yotsika popanda ya mtundu, kawirikawiri ndiye kuti yakufulatirani. Koma mukaona yofiira ndi yobiriwira pamodzi, chokanipo msanga, sitimayo yalunjika pa inu. Sitima yotalika mamita 50 kapena kuposa imayatsa nyali zoyera ziwiri pamwamba, ya kumbuyo yokwera kuposa ya kutsogolo, ndipo ziwirizi zikasanjikizana, ina pamwamba penipeni pa inzake, uthenga wake ndi womwewo.

Pali njira inanso imene ife timaidalira koposa makina, ndipo siifuna ndalama. Loza nyali ya sitimayo poilinganiza ndi chinthu chosasuntha cha m'boti mwako, kaya msomali wa pathabwa, kaya nsonga ya boti, osatembenuza botilo. Dikira pang'ono, uyang'anenso. Ngati nyaliyo yasunthira kutsogolo kapena kumbuyo kwa chizindikiro chako, mudutsana. Ngati ili pomwepo koma ikunka nikula, mugundana. Anyamata ambiri amachita mantha ndi nyali imene ikuthamanga, n'kuiderera imene ikuoneka ngati yaima, chonsecho yoopsa ndi yachiwiriyi.

Hutala nayonso ili ndi tanthauzo. Ikalira kamodzi mwachidule, sitima ikukhotera kumanja kwake. Kawiri, kumanzere. Katatu, injini zabwezedwa m'mbuyo. Ikalira kasanu kapena kuposa motsatizana, woyendetsa akunena kuti sakumvetsa zimene mukuchita ndipo akuona ngozi. Si moni ameneyo, musamabayibitse.

Mukaona kuti sitima yalunjika pa inu, musayese kudutsa kutsogolo kwake. Injini ya boti imazima nthawi imene ukuifuna kwambiri, chingwe cha ukonde chikangokulunga pulopela. Tulukani m'njira yake cham'mbali, ndipo musathawire kumene iyo ikupita. Yatsani tochi, muiwalitse pathupi pa boti lanu kapena muigwedeze, osaithira m'maso mwa woyendetsa, chifukwa mukamuthobwa ndiye kuti mwamulanda maso amene akadakupulumutsani nawo. Ngati ukonde wakana, udulidwe. Ndikudziwa kuti chilimira ndi chuma chambiri ndiponso kuti mlovi amaopa mkwiyo wa mwini zipangizo, koma bwana amene angakalipire anyamata chifukwa chodula chingwe kuti apulumuke sayenera kukhala ndi boti panyanja.

Sitima ikadutsa, ngozi siinathe. Imasiya mafunde amene amafika patapita kanthawi, ndipo boti lodzaza usipa limene madzi atsala pang'ono kufika pamlomo limamira ndi funde limodzi lolimenya m'nthiti. Lozetsani mphuno ya boti ku fundelo. M'madoko amene sitima imaponya nangula patali ndi gombe, monga ku Nkhotakota, anthu amafika nayo pa maboti ang'onoang'ono, nthawi zina pakati pa usiku. Pamenepo malo oyenera kuwaopa ndi kumbuyo kwa sitima, kumene kuli pulopela. Madzi a pamenepo amakoka ndi kukankha mosadziwika.

Sindikufuna kuti mlandu wonse ugwere asodzi. Lamulo limatikakamiza ife oyendetsa sitima kukhala ndi munthu woyang'ana ndi kumvetsera nthawi zonse, komanso kuchepetsa liwiro pamene pali maboti ambiri. Pa 20 August 1989, mumtsinje wa Thames pakati pa mzinda wa London, sitima yonyamula mchenga yotchedwa Bowbelle idagunda boti la chisangalalo lotchedwa Marchioness usiku, ndipo anthu 51 adafa. Ofufuza adapeza kuti mbali zonse ziwiri sizidayang'ane mokwanira. Izi zidachitika m'dziko la zipangizo zonse, magetsi a mumzinda akuwala mbali zonse. Woyendetsa sitima amene amadutsa pakati pa nyali za asodzi osatsitsa liwiro, poti akuthamangira nthawi, ndi wolakwa, ndipo ndimawauza anzanga zomwezi maso ndi maso.

Za mphepo ya mwera ndingonena mwachidule, poti asodzi amaudziwa mwerawo kuposa ine. Umawomba kwambiri m'miyezi yozizira, ndipo pa 30 July 1946 namondwe adamiza sitima ya Vipya kumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 n'kutsala m'madzi. Nthambi ya zanyengo ikachenjeza pa wailesi, khalani kumtunda. Pamafunde otere ngakhale nyali yanu ya tochi imabisika ndi kuonekera, ndipo ine ndikhoza kuiphonya.

Mwana wobadwira kugombe amasambira asanayambe sukulu. Wa ku Ntcheu nthawi zambiri amakwera boti asanaphunzire, ndipo amachita manyazi kunena. Inu eni maboti a ku Malembo ndi ku Msaka, mufunseni mnyamata wachilendo musanamulembe, mumupatse jekete loyandamitsa, ndipo paulendo uliwonse musankhe munthu mmodzi woti afulatire nyali, ntchito yake ikhale kuyang'ana kumdima. Boti lililonse, ngakhale lonyamula ukonde, likhale ndi tochi yoyera pamalo ofikirika msanga. Inu makolo, mwana akamatsanzika kuti akupita kunyanja, pa ndalama ya thiransipoti muwonjezerepo ya tochi ndi mabatire, ndipo mumuuze kuti akaona nyali yofiira ndi yobiriwira pamodzi asadikire kuti wina amuuze chochita.