Kompyuta ikuona chiyani chomwe dokotala sakuona?

Ndikamaphunzitsa za kuwala ndi magalasi, ndimakonda kuuza ophunzira anga kuti maikulosikopu imangokulitsa chinthu basi, kumvetsa zomwe waonazo ndi ntchito ya mutu wako. Kafukufuku wina wa ku America wandichititsa kuwaganiziranso mawu amenewa.

Khansa ya m'mapapo ili ndi khalidwe loipa. Maselo ena amachoka pa chotupa, n'kuyenda ndi magazi mpaka kukamera mu ubongo. Madokotala akhoza kuchotsa chotupacho chikadali chaching'ono, koma sangadziwe kuti ndi wodwala uti amene matendawa adzamutulukire m'mutu patapita zaka. Kupereka mankhwala amphamvu kwa aliyense n'kuzunza anthu ena pachabe, pomwe kungodikira n'kuika ena pachiswe.

Mu 2024, akatswiri a ku Washington University mumzinda wa St. Louis, mogwirizana ndi anzawo a ku Caltech, anafalitsa zomwe anapeza atayesa AI pa vutoli. Anatenga zithunzi za tizidutswa ta zotupa za odwala 158, tojambulidwa pa maikulosikopu. Odwalawa anali atatsatiridwa kwa zaka zosachepera zisanu, choncho zinkadziwika kale kuti khansa inafika mu ubongo mwa ndani. Kompyuta anaionetsa zithunzi za anthu 118 pamodzi ndi mayankho ake, monga mmene inu mumawerengera mapepala a mayeso akale. Kenako anaipatsa za anthu 40 zomwe inali isanazionepo. Inalondola maulendo 87 pa 100 alionse. Madokotala anayi odziwa kuunika zotupa, poyang'ana zithunzi zomwezo, analondola pafupifupi 57 pa 100, kungopitirira pang'ono munthu woponya ndalama m'mwamba.

Musathamangire kuwaseka madokotalawo. Kwa kompyuta chithunzi ndi manambala ankhaninkhani osonyeza mtundu ndi kuwala kwa kadontho kalikonse, ndipo imatha kufananitsa manambalawo m'njira yomwe diso silingathe. Chomwe chimandisowetsa tulo n'chakuti ngakhale ofufuzawo sanathe kuloza chenicheni chomwe kompyutayo inkaona m'zithunzimo.

Komanso anthu 40 ndi ochepa. Mu labu, wophunzira akandibweretsera zotsatira za pendulamu atayesa kamodzi kokha, ndimamubweza kuti akabwereze. Njira imeneyinso iyenera kuyesedwa pa odwala ambiri, a m'zipatala zosiyanasiyana, zomwe utoto wopaka tizidutswato ndi makina ojambulira n'zosiyana, dokotala asanaidalire posankha mankhwala a munthu.