Za Tinsalu Tonyowa ndi Ngalande za Mzinda wa London

Pansi pa misewu ya London pali ngalande zimene zimanyamula zonyansa zochokera m'zimbudzi za madzi. Zazikulu mwa izo zinamangidwa pambuyo pa chaka cha 1858, pamene fungo la mtsinje wa Thames linasautsa mzinda wonse.

M'chaka cha 2017 antchito anapeza imodzi ya ngalandezi, ku dera la Whitechapel, itatsekeka ndi chibuma cholimba monga thanthwe, cha mamita 250 m'litali, cholemera matani 130. Anachigumula kwa milungu 9. Kodi chinapangika bwanji?

Pepala la m'chimbudzi likalowa m'madzi limafewa, nkunyenyeka msanga. Koma tinsalu tonyowa, timene amayi amapukutira makanda ndipo ena amapukutira manja, sititero ayi. Ulusi wake ngwolimba, ndipo tambiri tiri ndi pulasitiki wosaola. Tikatayidwa m'chimbudzi timakola pamene ngalande yapindika kapena yang'aluka. Tsono mafuta otsukidwa m'mapoto amafika, nazizira, namatirira pa tinsaluto, kufikira njira yonse itatsekeka. Pamenepo zonyansa zimabwerera m'nyumba za anthu kapena kusefukira mu mtsinje, ndipo ndalama zotsegulira ngalande zimachokera m'matumba a onse olipira madzi, olakwa ndi osalakwa omwe.

Chifukwa cha ichi, mu April 2024 boma la Britain linalengeza kuti lidzaletsa kugulitsa tinsalu tonyowa tokhala ndi pulasitiki. Taonani kuti lamuloli ligwira wogulitsa, pakuti wapolisi sangathe kuima pa khomo la chimbudzi chirichonse. Chimene munthu achita atatseka chitseko chimalamulidwa ndi chizolowezi chake, ndipo chizolowezi chimayamba pa ubwana.

Apa mpamene pali ntchito yanu, inu aphunzitsi a mawa, makamaka amene mudzatumizidwa ku sukulu za m'tauni. Pa phunziro la ukhondo tengani mabotolo awiri a madzi. M'limodzi ikani pepala la m'chimbudzi, m'linzake kansalu konyowa, ndipo ana akhutchumule onse awiri. Pepala lidzasanduka phala, koma kansalu kadzatuluka kathunthu. Musafulumire kuwauza tanthauzo lake. Afunseni anene okha kumene kansaluko kayenera kutayidwa. Mwana wodzionera yekha saiwala msanga, ndipo akuluakulu anati m'mera mpoyamba.