Tinakafuna mkango ku Lilongwe, njovu tinazisiya kwathu

Kwathu ku Kasungu munthu sakwera minibasi popanda chifukwa. Ukamapita ku Lilongwe ndiye kuti mabelo ako a fodya ali ku okushoni ku Kanengo, kapena wodwala wako am'tumiza kuchipatala chachikulu, mwinanso ukukasaka pasipoti. Nditawauza mayi anga kuti Loweruka ndikutenga mwana wa achemwali anga wa Sitandade 5 kuti tikangoyenda, anandiyang'ana ngati ndalawa kachasu. Anafunsa kawiri ngati sindikuwabisira uthenga wa maliro.

Woyambitsa anali mwanayo. Anaona mkango pa TikTok pafoni yanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinapumenso. Ankafuna wamoyo, wa ku zuu.

Tinanyamuka m'mamawa. Msewu wa M1 kuchoka pa Kasungu kukafika ku Lilongwe ndi wa makilomita oposa 120, ndipo mbali zonse ndi minda ndi zigafa. Madisi, Mponela, Lumbadzi. Titafika pa Kanengo ndinamulozera mathiraki a fodya ali pamzere, ndikumuuza kuti fizi yake imachokera pamenepo. Sanasamale. Maso ake anali pa mkango basi.

Malo amene ambirife timawatchula kuti zuu dzina lake ndi Lilongwe Wildlife Centre. Ali m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre, ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la Lilongwe Wildlife Trust. Ukangolowa, phokoso la magalimoto limayamba kuzirala, kamphepo kayaziyazi nkukulandira. Koma si zuu. Ndi chipatala komanso malo opulumutsirako nyama: apusi ndi anyani olandidwa kwa anthu amene ankawaweta pachingwe, agwape amasiye, ngaka zolandidwa kwa ozembetsa. Nyama ikachira, cholinga nkuibwezera kutchire, nchifukwa chake saifuna kuti izolowere nkhope za anthu ndi makamera athu. Ikazolowera, tsiku lina idzayenda yokha kupita kwa mlenje.

Mkango unakhalapo pamalowa. Anthu a ku Lilongwe amakumbukirabe Bella, mkango waukazi wa diso limodzi umene unachokera ku zuu ya ku Romania mu 2009. Koma nthawi imeneyo inapita.

“Amalume, ndiye tabwereranji?” anatero mwanayo, milomo itatalika.

Kunena zoona, nane mtima unandiwawa ndikaganiza za thiransipoti. Tinayendabe m'tinjira ta m'nkhalangomo. Pasanathe mphindi khumi, gulu la apusi linadutsa pamwamba pathu, wina atanyamula kamwana kokakamira pamimba. Palibe waya, palibe khola. Mwana uja anaima chilili mpaka ndinachita kumukoka. Pusi amamudziwa, inde, koma amamudziwa ngati wakuba chimanga woyenera kugendedwa. Kukhala phee nkumuonerera akuyamwitsa, kameneka kanali koyamba.

Masana tinalowera ku City Centre. Tinaima kumanda a Kamuzu Banda, pafupi ndi Nyumba ya Malamulo. Apa ndi pamene ndinaona kuti za m'buku la kusukulu zimalowa bwino m'mutu ukaziponda ndi phazi. Amadziwa kuti Kamuzu anamwalira mu 1997 ndi kuti likulu linasamuka ku Zomba mu 1975, koma zoti munthu wogona pamenepoyo ndi wakwathu, wa ku Kasungu komwe kuli Kamuzu Academy ku Mtunthama, zinamukhudza mwina. Anandiuza ndimujambule katatu. Kenako kabaza mpaka ku Old Town, chipisi cha pachiwaya, kuzungulira pang'ono mumsika wa Tsoka ndikugwira foni mwamphamvu m'thumba, basi ulendo wobwerera.

Nkhani imene yandisowetsa tulo inabwera tili m'minibasi. Ndinamufunsa mongocheza kuti bwanji ulendo wina tikaone njovu kwathu konkuno. Anakana msangamsanga. Anati njovu ndi zoipa, zimatha munda usiku umodzi, zimapha anthu.

Sindinamutsutse, chifukwa sananame. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku Kasungu National Park, pantchito imene inagwiridwa ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire pamodzi ndi African Parks ndi IFAW. Cholinga chinali kuchepetsa kuthithikana ku Liwonde ndi kudzutsanso paki yathu imene opha nyama mozembera anaipulula zaka zam'mbuyomu. Koma chichokereni nthawiyo, midzi yozungulira pakiyi, kuno ndi kutsidya ku Zambia, yalira maliro ndipo yataya mbewu. Amene amagona kumunda akuimba zitini kuti apirikitse njovu simungamuuze za kukongola kwake.

Chimene chikundivuta ine ndi ichi: pakiyi ndi yachiwiri kukula m'Malawi muno, kuposedwa ndi Nyika yokha, ndipo ili pafupi kwambiri ndi kwathu kuyerekeza ndi Lilongwe. Alendo amachoka ku Ulaya kudzakhala m'mbali mwa damu la Lifupa kuonerera mvuu ndi njovu zikumwa madzi. Ine wobadwira konkuno, wa digiri yanga, sindinalowemo nkamodzi komwe. Mwa anzanga a pagulu lathu la WhatsApp, amene analowamo ndi awiri, ndipo mmodzi anapita ndi sukulu. Mavuto a njovu ndi athu, koma chisangalalo chake timachisiyira ena. Zifukwa zilipo: kulibe minibasi yokafika ku Lifupa, pamafunika galimoto, ndipo chaka chimene fodya wagulidwa motchipa palibe amene angaganize zokaona nyama. Komabe ndalama zimene ena a ife timatha pa mabando ndi kubetcha mpira mwezi umodzi, titasonkha anthu khumi, galimoto ya tsiku limodzi ingapezeke.

Ndaponya ganizoli pagulupo. Asanu ndi mmodzi avomera, atatu atumiza kale zawo pa Airtel Money, wina wafunsa ngati kuli netiweki. Mayi anga akuti tikapite okha osatenga mdzukulu wawo. Mwanayo wati apita, pokhapokha akhale pakati ndipo mawindo onse akhale otseka.