Chifukwa Chake Mpope wa Mfuti Umanjenjemera

Ambiri a ife timayesa kuti mpope wa mfuti ndi chitsulo chouma chosatheka kupindika. Koma m'phunziro la Sayansi ndapeza kuti mfuti ikalira, mpopewo umagwedezeka monga rula imene mwaipanikiza m'mphepete mwa desiki n'kuikhwethemula kunsonga. Maso sangathe kuona zimenezi pakuti zichitika msanga ndithu. Ndipereka chitsanzo cha mfuti ya Lee-Enfield .303, imene asilikali a King's African Rifles ananyamula pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945.

Choyamba ndicho wonga. Ukayaka usanduka mpweya wotentha umene ukankha makoma a mpope ndi mphamvu yoposa ya mpweya wotizungulirawu ka 3,000. Chitsulo chifufuma pang'ono ndi kubwereranso. Kugunda kumeneku kuyenda m'chitsulo mamita ngati 5,000 pa sekondi, pamene chipolopolo chituluka pa mamita 744 okha pa sekondi. Kotero kugundako kufika kukamwa kwa mfuti ndi kubwerera kangapo chipolopolo chisanatuluke.

Chachiwiri ndicho kubwerera m'mbuyo kwa mfuti. Mpweya uja ukankha chipolopolo kutsogolo, nukankhanso mfuti kumbuyo. Tsono mpope uli pamwamba, koma kulemera kwa mfuti ndi thabwa lotsamira paphewa zili m'munsi mwake. Chifukwa cha ichi mfuti ifuna kutukula mutu. Mbali yakumbuyo iyamba kuyenda, nsonga itsalira, ndipo mpope upindika monga chikoti.

Chachitatu ndiyo mizere yopotana ya m'kati mwa mpope, imene izunguza chipolopolo kuti chiyende molunjika. Mu Lee-Enfield mizereyi izungulira kamodzi pa mainchi 10 alionse, kotero chipolopolo chituluka chikuzungulira pafupifupi ka 3,000 pa sekondi. Pamene mizere ipotoza chipolopolo, nachonso chipotoza mpope kumbali inayo. Palinso tizifukwa tina: kachitsulo komenya chipolopolo kagwedeza mfuti wonga usanayake n'komwe, ndiponso mpope uliwonse uwerama pang'ono ndi kulemera kwake.

Kapena wina afunsa, "Nanga kanthu kosaoneka ndi maso kavuta chiyani?" Tamverani. Nsonga ya mfuti ikapatuka ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 60 a digiri, chipolopolo chiphonya ndi masentimita atatu pa mtunda wa mamita 100, ndi masentimita 15 pa mamita 500. Kwa mlonda wa nyama amene akuombera njati yolusa kumudzi, kuphonya kotere kungaisiye yovulala chabe, ndipo tonse tidziwa kuopsa kwa njati yovulala.

Kunjenjemera kumeneku sikungaletsedwe. Chimene amisiri afuna ndicho kuti mpope unjenjemere chimodzimodzi nthawi zonse, kuti chipolopolo chilichonse chituluke nsonga ili pamalo amodzimodzi. N'chifukwa chake amayesa wonga mosamala, napanga mipope yonenepa imene sipindika msanga, ndipo pa mfuti zambiri za masiku ano asiya mpata kuti thabwa lisakhudze mpope. N'chifukwa chakenso msilikali akalumikiza mpeni kunsonga kwa mfuti, zipolopolo zake zigwa pena: kulemera kwa mpeniwo kwasintha kagwedezekedwe ka mpope.

Tsono anzanga, mukafuna kuona nokha, tengani rula, muifupikitse ndi kuitalikitsa pa desiki, kenaka mumate kadongo kunsonga kwake, ndipo mumve m'mene kulira kwake kusinthira. Malamulo a rulayo ndiwo omwewo a mfuti.