Sukulu ya Kuseri kwa Sitolo

Kodi munthu wosadziŵa kuŵerenga ali ndi ufulu wosankha atsogoleri a dziko lake? Lero tonse tingayankhe kuti inde. Koma ku America kale sizinali choncho. Tiyeni timve m'mene anthu akuda a kumeneko anavutikira kuti aziponya voti, ndiponso m'mene sukulu za akuluakulu zinawathandizira.

Msampha wa mayeso

Ambiri mwa anthu akuda a ku America ndi zidzukulu za akapolo amene anatengedwa ku Africa. Ukapolo unatha mu 1865. Mu 1870 kunabwera lamulo lakuti munthu asaletsedwe kuponya voti chifukwa cha khungu lake. Koma azungu olamula m'zigawo za kumwera, monga Mississippi, Alabama ndi South Carolina, sanakondwe nalo lamuloli. Tsono anatchera msampha.

Msamphawo unali mayeso. Munthu akapita kukalembetsa dzina m'kaundula wa voti, kalaliki ankamupatsa buku la malamulo kuti aŵerenge. Kwina ankamuuzanso kuti amasulire zimene waŵerengazo. Kalalikiyo anali mzungu, ndipo ndiye ankagamula kuti uyu wakhoza, uyu walephera. Mzungu mnzake ankangomulemba ngakhale akudodoma. Wakuda ankamubweza, nthaŵi zina ngakhale ali mphunzitsi. M'zigawo zina munalinso msonkho wa voti, umene osauka sankatha kulipira. Amene ankaumirira ankachotsedwa ntchito kapena kumenyedwa, ena mpaka kuphedwa.

Kuphunzira madzulo

Ku South Carolina kuli chilumba chotchedwa Johns Island. Kumeneko kunali Bambo Esau Jenkins, amene ankanyamula anthu apantchito pa basi yawo kupita nawo mumzinda wa Charleston. Ali pa ulendo, bamboŵa ankaphunzitsa okwera basiyo mawu a m'buku la malamulo aja. Koma anaona kuti basi yokha siyingakwanire. Panafunika sukulu.

Anagwirizana ndi Mayi Septima Clark. Mayiŵa anali mphunzitsi, koma anachotsedwa ntchito mu 1956 chifukwa chokana kutuluka m'bungwe la NAACP, lomenyera ufulu wa anthu akuda. Mu Januwale 1957 anatsegula sukulu yoyamba. Inali m'chipinda cha kuseri kwa sitolo, kuti odutsa aziyesa kuti anthu akuloŵera kukagula zinthu.

Mphunzitsi woyamba anali Mayi Bernice Robinson. Iwo ntchito yawo inali yokonza tsitsi, ndipo analibe setifiketi ya uphunzitsi. Anayamba ndi ophunzira 14, onse akuluakulu. Ankakumana madzulo ataŵeruka ku ntchito. Mayi Robinson sanawapatse mabuku a ana ayi. Anawafunsa zimene akufuna kudziŵa. Wina anafuna kulemba dzina lake. Wina anafuna kuŵerenga yekha kalata. Wina anafuna kudzaza fomu yotumizira ndalama ku positi. Anayambira pamenepo, kenaka nkufika pa mawu ovuta a m'malamulo. Ophunzirawo anapita kwa kalaliki, ndipo ambiri anakhoza nalembedwa m'kaundula.

Mbiri inawanda, sukulu zina nkutsegulidwa. Mu 1961 bungwe la abusa limene ankatsogolera Dr Martin Luther King linatenga ntchitoyi nkuifalitsa m'zigawo zonse za kumwera. Anthu ankaphunzira m'matchalitchi, m'nyumba ndi pansi pa mitengo. Amene waphunzira ankakaphunzitsa anzake. Paja mutu umodzi susenza denga.

Malamulo asintha

Kuphunzira kokha sikunathetse vuto, chifukwa makalaliki ambiri anapitirizabe kubweza anthu. Choncho anthu anayamba kuyenda m'misewu mwamtendere, opanda chida m'manja. Pa 28 Ogasiti 1963, anthu oposa 200,000 anasonkhana ku Washington, likulu la dzikolo, kupempha chilungamo. Maiko ena anali kupenya. Boma la America linachita manyazi, pakuti ngakhale akazembe a maiko a mu Africa ankabwezedwa m'nyumba zina zodyeramo chifukwa cha khungu.

Pa 2 Julaye 1964, Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo loletsa tsankho m'mahotela, m'malo odyera ndi pa ntchito. Koma msampha wa mayeso unali ukadalipo.

Pa 7 Marichi 1965, anthu pafupifupi 600 ananyamuka m'tauni ya Selma ku Alabama. Anafuna kuyenda pansi mpaka ku Montgomery, likulu la chigawocho, kukapempha voti. Atangooloka mlatho, apolisi anawamenya ndi zibonga nkuwathira utsi wokhetsa misozi. Anthu m'dziko lonse anaziona zimenezi pa televizhoni, ndipo ambiri, akuda ndi azungu omwe, anakwiya zedi.

Patapita miyezi isanu, pa 6 Ogasiti 1965, Pulezidenti Johnson anasaina lamulo la ufulu wa voti. Lamuloli linaimitsa mayeso aja m'zigawo zimene zinali ndi tsankho loopsa. Boma linatumizanso anthu ake kukalemba maina kumene makalaliki ankakana. Mu 1975 mayesowo analetsedwa kotheratu m'dziko lonse.

Zotsatira zake

Taonani zimene zinachitika ku Mississippi. Mu 1964, mwa anthu akuda 100 alionse a msinkhu wovota, olembedwa m'kaundula anali ngati 7 okha. Pofika 1967 anali pafupifupi 60. Anthu akuda anayamba kusankhidwa kukhala makhansala, mameya ndi aphungu a nyumba ya malamulo. Mu 2008 Barack Obama anasankhidwa kukhala pulezidenti woyamba wakuda wa dzikolo.

Ophunzira a ku Johns Island sanali anthu otchuka. Anali alimi, antchito ndi amayi apanyumba, ogwira pensulo ndi dzanja lotopa. Koma atadziŵa kuŵerenga, anaona okha zimene lamulo likunena, ndipo kunavuta kuwanamizanso. Inunso musaleke kuŵerenga. Pepala lililonse limene akupatsani kuti musaine, yambani mwaliŵerenga.

Mafunso okambirana

1. Kodi mayeso a voti anali msampha motani?
2. Nchifukwa ninji sukulu yoyamba inali kuseri kwa sitolo?
3. Kodi ndi mapepala ati amene inu tsopano mungathe kuŵerenga nokha?