Anthu Amene Amadyera M'nkhalango ya Nyungwe

Kummwera chakumadzulo kwa dziko la Rwanda, pafupi ndi malire a Burundi, kuli nkhalango yowirira ya Nyungwe. Ndi yaikulu kuposa masikweya kilomita 1,000, ndipo ili pamapiri otalika kuyambira mamita pafupifupi 1,600 mpaka 2,950 pansonga ya phiri la Bigugu. Mvula ya kumeneko sichedwa. Imatha kugwa m'mawa, dzuwa nkuwala masana, madzulo nkubweranso. Komabe alendo ambiri, okalamba ndi ana omwe, amayendamo maola awiri kapena atatu, nkutuluka akunena kuti ulendo wake ndi wosavuta. Amanena zoona, koma kusavutako alipo amene amakukhetsera thukuta tsiku ndi tsiku.

Woyamba kuonekera ndi wotsogolera alendo. Ku Nyungwe mlendo saloledwa kulowa m'tinjira ta m'nkhalango yekha. Amayamba wafika pamalo olandirira alendo monga Uwinka kapena Gisakura, nkulipira, kenaka nkupatsidwa womutsogolera. Ntchito ya munthu ameneyu imayamba asanaponde n'komwe m'tchire. Amayang'ana nsapato za alendo, amamvetsera kapumidwe kawo, amaona amene wabwera ndi mwana ndi amene bondo likumuvuta. Akatero amadziwa liwiro loyendera ndiponso malo oimapo. Wodziwa ntchito sauza mlendo kuti watopa. Amangoima pansi pa mtengo nkuyamba kufotokoza za maluwa omera panthambi zake, mlendoyo nkupezerapo mpweya popanda manyazi.

Mutu wa wotsogolera umayenera kusunga zambiri. M'nkhalangoyi muli mitundu 13 ya anyani ndi apusi, kuphatikizapo nchima imene timaidziwa m'mapiri a kwathu, komanso mitundu ya mbalame yoposa 300. Mbalame zambiri sizioneka chifukwa masamba ndi othithikana, choncho wotsogolera amazidziwa ndi khutu. Amene amatsogolera okonda mbalame ndiwo amasowa kwambiri, pakuti alendo otere amabwera ndi mabuku ndi ndandanda ya zimene akufuna kuona, ndipo sanamizika. Pamwamba pa izi pali chilankhulo. Kwawo amalankhula Chinyarwanda, koma pantchito ayenera kumasuka m'Chingerezi, ndipo ambiri amadziwanso Chifalansa.

Njira yotchuka kwa ofuna kuyenda pang'ono ndi ya Igishigishigi, yotalika makilomita awiri okha ndi pang'ono. Imakafika pamlatho wa zingwe umene unatsegulidwa mu 2010, wotalika mamita 160 ndipo pena umalendewera mamita 70 kuchokera pansi. Apa wotsogolera amasanduka wolimbitsa mitima. Mlatho umagwedezeka, ena miyendo imawalobodoka ali pakati, ndiye pamafunika mawu odekha kuti munthu afike tsidya.

Amene mlendo sawaona kawirikawiri ndi okonza njira. M'nkhalango ya mvula, njira yosiyidwa miyezi yochepa imabwerera kutchire. Zitsamba zimatseka, madzi amakokolola dothi, mitengo imagwa mopingasa, matabwa a masitepe amawola. Anthuwa amalowa ndi zikwanje, makhasu ndi mafosholo, kukumba ngalande, kukhoma zikhomo, kusintha mitengo ya timilatho. Ambiri ndi ochokera m'midzi yozungulira. Walira mvula walira matope: mvula imene imakometsa nkhalango ndi yomweyo imene imawapatsa ntchito yosatha.

Gulu lina ndi la olondola nyama, makamaka anyani akuluakulu otchedwa chimpanzi. Anyaniwa amayala zogona zatsopano m'mitengo madzulo alionse, ndipo kukangocha amanyamuka kukasaka zipatso. Wolondola amawatsata tsiku lonse mpaka aone pamene agona, ndipo m'mamawa kukadali mdima amakhala atafika kale pansi pa mitengoyo. Iye ndi amene amadziwitsa wotsogolera pa wailesi kapena pa foni kumene gulu lalowera. Ndi chifukwa chake alendo okaona chimpanzi, kaya ku Uwinka kaya m'kankhalango ka Cyamudongo, amadzutsidwa tambala asanalire. Akawapeza amaloledwa kukhala nawo ola limodzi lokha.

Kuti nyama yakutchire ilole munthu kuima pafupi osathawa, pamatenga zaka. Olondola amabwera tsiku lililonse, osaidyetsa, osaikhudza, mpaka iwazolowere. Pofika pamenepo amakhala akudziwa nkhope ya nyani aliyense, waukali ndi wofatsa, mayi ndi mwana wake. Amasamalanso za matenda, pakuti chimfine cha munthu chimatha kugwira chimpanzi. N'chifukwa chake amaletsa alendo kuyandikira kwambiri. Ntchito yomweyi imachitikanso kwa apusi akuda a ubweya woyera m'mapewa otchedwa colobus, amene ku Nyungwe amayenda m'magulu a mazanamazana, chinthu chosowa kwina kulikonse.

Palinso onyamula katundu. Amadikira pamalo oyambira ulendo, ndodo zili m'manja, majombo kumapazi. Amanyamula zikwama, madzi ndi makamera, ndipo pamalo poterera amagwira mlendo dzanja. Malipiro awo amadalira kupezeka kwa alendo: tsiku lopanda mlendo ndi tsiku lopanda ndalama. Ena mwa alendo amakana kunyamulitsa poganiza kuti akuzunza munthu, osadziwa kuti pokanapo amubweza kunyumba chimanjamanja.

Ntchito yoopsa kwambiri ndi ya alonda a nkhalango. Nyungwe inavutikapo kwambiri m'mbuyomu. Njati zinatha m'zaka za m'ma 1970, ndipo njovu yomaliza inaphedwa mu 1999. Anthu ankalowa kukakumba golide m'mitsinje, kucheka matabwa ndi kufula njuchi, ndipo moto wa ofula uchi unkalusa nkutentha mapiri, makamaka mu 1997. Lero alonda amagona m'tchire masiku angapo motsatizana, akuyenda m'matope ndi m'zithaphwi monga cha Kamiranzovu, kuonjola misampha ya waya yotcheredwa agwape ndi nguluwe. Msampha susankha, umagwiranso dzanja la chimpanzi. Mlonda amalemba chilichonse chimene wapeza ndi malo ake, kuti akuluakulu adziwe kotumiza anthu mawa.

Chovuta china n'chakuti wotchera msamphayo nthawi zina amakhala wa m'mudzi mwa mlonda momwemo. Madera ozungulira Nyungwe ali ndi anthu ochuluka, minda ndi yaing'ono, ndipo anyani amaba mbewu. Boma la Rwanda linaona kuti mfuti yokha singateteze nkhalango. Kuyambira mu 2005 linayamba kupereka gawo la ndalama za malo osungirako nyama ku midzi yoyandikana nawo, ndipo mu 2017 gawolo linakwera kuchoka pa 5 kufika pa 10 peresenti. Ndalamazi zimamangira sukulu, zipatala ndi mathanki a madzi. Ofula njuchi analowa m'makopaletivi oweta njuchi m'ming'oma kunja kwa nkhalango, ndipo ena amene kale ankatchera misampha lero ndi onyamula katundu kapena othandiza kuionjola.

Nyungwe inakhala paki mu 2004. Mu 2020 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti aziyendetsera limodzi malowa kwa zaka 20. Bungweli ndi lomwe lija limayang'anira Majete, Liwonde ndi Nkhotakota ku Malawi. Mu 2023 bungwe la UNESCO linaika Nyungwe pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Kutchukaku kwakoka ntchito zina: madalaivala ochokera ku Kigali, ophika ndi oyala m'malo ogona alendo, ndi oonetsa alendo minda ya tiyi ya ku Gisakura.

Koma ntchito yodalira mlendo ili ndi mantha ake. Mliri wa Covid-19 utatseka maulendo a ndege mu 2020, oyamba kusowa pogwira anali aganyu, osati olembedwa pamwezi. Choncho wachinyamata wanzeru amene wayamba ndi kunyamula zikwama samakhutira pamenepo. Amamvetsera zimene wotsogolera akunena, amaloweza kulira kwa mbalame, amanola Chingerezi chake pocheza ndi alendo. Ku Kitabi, pakhomo pa nkhalango chakummawa, kuli koleji yophunzitsa za chilengedwe, nkhalango ndi zokopa alendo. Mwana wa mlenje amene anaphunzira kwa bambo ake kuwerenga mapazi a nyama akapeza mwayi wolowa kumeneko, amatuluka ndi zinthu ziwiri zimene ntchitoyi imafuna: luso la m'tchire ndi satifiketi yomupezetsa ntchito ya pamwezi.