Galasi la galimoto nalonso limafuna kuzira

Mvula ya mu Januwale ikakupezani pa msewu wa N13, uja wochoka ku Cuamba kudzera pa Mandimba ndi Massangulo mpaka ku Lichinga, mumaona madalaivala amitundu iwiri. Wina amayendetsa atawerama, maso ali tong'o, mawaipa akupalasa madzi osatha. Wina wangokhala phee, madzi akuundana timadontho pagalasi pake n'kumathawira m'mwamba okha. Wachiwiriyu sanakhwime ayi. Anangopaka mankhwala othamangitsa madzi, monga aja otchedwa Rain-X amene anayamba kugulitsidwa ku America mu 1972. Dandaulo la ambiri amene anawayesapo n'lakuti kabotolo kake n'kodula, sikapezeka pagolosale iliyonse, komanso pakangotha masabata awiri atatu mphamvu yake imakhala itazilala.

Tiyeni tikambirane ngati anthu a nyumba imodzi, achimwene. Munakula mukuona amayi akuzira m'nyumba, ndiye ntchito imeneyi mukuidziwa kale, kungoti simunaiganizire pagalasi.

M'kabotolomo muli silikoni wosungunulidwa mu spiriti. Mukapaka, spiritiyo amauluka n'kusiya kansalu kopyapyala kosaoneka ndi maso, kogwirana ndi galasi. Galasi lopanda kanthu limalola madzi kuyala paliponse, n'chifukwa chake kutsogolo kumachita chimbuuzi. Pamene pali silikoni madzi amalephera kuyala, amadzikulunga kukhala timadontho, ndipo mphepo imatikankha. Kansalu kameneka ndiye mtsiro wathu. Mtsiro ukakhalitsa kapena ukasuwa msanga, nkhani imakhala pa mmene anazirira ndi mmene anthu akupondapo, osati pa kuchuluka kwa dothi.

Amayi sazira pa zinyalala. Amayamba asesa, n'kuchotsa zonse zomatirira, chifukwa mtsiro woikidwa pa fumbi umagamphuka. Apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Galasi looneka loyera limakhala ndi mafuta ochokera ku utsi wa malole, zotsalira za tizilombo tophwanyika usiku, ndiponso zipsera za madzi a pamjigo. Mukapaka pamwamba pa zimenezi, mankhwala amagwira litsiro m'malo mogwira galasi, ndipo litsirolo likamachoka limapita nawo. Choncho tsukani kaye ndi sopo wotsukira mbale, mutsukuluze ndithu. Zipsera zoyera za madzi zimachoka ndi viniga wosakaniza ndi madzi. Kenaka pukutani ndi spiriti wamba pa kansalu koyera, musapite ndi kasanza kaja akondakitala amapukutira mafuta a injini. Mufuna kudziwa ngati layera? Thirani madzi pang'ono. Akayala bwinobwino osasiya zigamba, galasi layera. Pamene madzi akulambalala, pakadali mafuta.

Likauma gwa, imikani galimoto pamthunzi. Dzuwa la mu Okutobala la ku Cuamba limatenthetsa galasi moti spiriti amauma musanayale n'komwe, mankhwala n'kutsala mabalamabala. M'mawa kukadali kozizira, mame atauma, ndiyo nthawi yabwino. Donthezani pang'ono pa kansalu kopinda, muzipaka mozungulira mpaka galasi lonse litakwanira. Dikirani mphindi 5 mpaka 10 kuti pachite mbuu, mubwerezenso kachiwiri mopyapyala kuti mutseke malo amene munadumpha. Musaganize kuti kuthira ambiri ndiye kulimbitsa. Amene amagwira galasi ndi apansi okhawo. Otsalawo amangokhala phala lomwe usiku limamwaza magetsi a galimoto yobwera kutsogolo, inu n'kumaona nkhungu. Mtsiro wokhuthala umang'aluka, ndipo amayi amadziwa kuti ntchito imathera pa nkhulungo. Inunso kwechani ndi nsalu youma yofewa mpaka mbuu yense atachoka, galasi lili ngwee.

Tsopano pa nkhani yeniyeni. M'nyumba yozira, m'makona mumakhala mosalala miyezi yambiri, koma pakhomo pamene mapazi amadutsa ndi mchenga pamasuwa sabata yomweyo. Pagalimoto, pakhomo ndi paja mawaipa amadutsa. Mvula siitha msanga mankhwala amenewa, chimene chimawatha kwambiri ndi kukhula. Mchenga ndi wolimba kuposa galasi lenilenilo, nanga kansalu kosaoneka kaja kangapirire bwanji? Ganizirani galimoto yomwe yatsika pa phula kukatenga nsomba kunyanja ya Amaramba, yayenda msewu wafumbi kumbuyo kwa lole, galasi lonse lafiira. Dalaivala pofuna kuona njira amangokhudza kabatani, mawaipa n'kupalasa fumbi louma. Kupalasa kumodzi kotereku kumadya mankhwala kuposa mvula ya tsiku lathunthu, ndipo kumasiyanso timizere pagalasi tomwe sitidzachoka.

Mankhwala a vutoli alibe mtengo. Kabotolo ka madzi a mawaipa kasamakhale kouma, ndipo madzi azitsogola waipa isanayende. Fumbi likachuluka, imani, thirani madzi a m'chigubu, matope atsike okha. Mwana akathamangira kudzapukuta galasi ndi sanza youma pa siteji, muthokozeni koma mumuletse. Madzi abwino othira m'kabotolomo ndi amvula, otchera pa malata, chifukwa sasiya zipsera. Ngati mwatunga kunyanja kapena kumtsinje, asiyeni mu ndowa adikhe kaye, mutenge apamwamba. Ndipo chonde, sopo waufa wochapira zovala asalowemo. Anapangidwa kuti azichotsa mafuta ndi zomatirira, ndiye akamawazidwa tsiku ndi tsiku amafooketsa zomwe mwapaka, amatsekanso timabowo totulukira madzi.

Mawaipawo muziwayang'ana ngati tsache. Tsache lokutha limakanda pansi. Kamodzi pa sabata tukulani waipa, mupukute mphira wake ndi kansalu konyowa, muone zakuda zomwe zichoke. Mphira wouma ndi dzuwa, wong'aluka, kapena wolira ukamayenda, wafika posintha. Nthawi zina waipa imadumphadumpha mukangopaka mankhwala. Kawirikawiri chimakhala chizindikiro chakuti simunakweche mokwanira kapena mphira ndi wakuda.

Pomwe ndalama imapulumukira kwambiri ndi apa. Amayi sazira nyumba yonse chifukwa chakuti pakhomo pasuwa, amangokonza pakhomopo. Magalasi am'mbali ndi timagalasi toonera kumbuyo sakhudzidwa ndi waipa, choncho kupaka kamodzi kumayambiriro kwa dzinja kungakufikitseni kutali. Lakutsogolo lokha ndi lofuna kubwereza, makamaka mbali ya dalaivala. Musadikire kuti zitheretu. Mukaona madontho ayamba kukula ndi kuchita ulesi, tsukani, muumitse, mupake kamodzi mopyapyala. Mukatero kabotolo ka mamililita 200 kamakwanira maulendo ambiri, moti madalaivala a minibasi awiri atatu angathe kusonkherana n'kugula kamodzi, kaya ku Cuamba, ku Lichinga, kapena wina akawoloka pa Chiponde kupita ku Mangochi. Chivindikiro muzimanga zolimba ndipo kabotoloko kasamakhale padzuwa m'galimoto, chifukwa spiriti akauluka mwatsala ndi zosapakika. M'chilimwe musavutike n'kupaka lakutsogolo, fumbi lingodya ndalama zanu. Yambani mu Novembala mitambo ikayamba kusonkhana.

Za mbatata ya kachewere yodula pakati, kapena kandulo, zimene ena amapaka, ine sindizilimbikitsa. Masana zimaoneka ngati zathandiza, koma zimasuluka ndi mvula yoyamba, ndipo usiku zimachititsa chimbuuzi pamene mukufuna kuona wanjinga wopanda nyali. Mkati mwa galasi musapakenso mankhwala amenewa, chifukwa nthunzi yamkati ndi vuto lina lofuna mpweya. A njinga zamoto asamale: choonera cha chipewa chawo ndi pulasitiki, ndipo mankhwala opangira galasi angathe kuchiwononga. Alipo ena opangidwira pulasitiki, muziwerenga pabotolo.

Chomaliza n'chakuti madontho aja amathawa chifukwa cha mphepo, ndipo mphepoyo imakwanira galimoto ikamathamanga makilomita pafupifupi 60 pa ola kapena kuposerapo. Pa phula la N13 mudzaona kusiyana. M'matope a njira za kunyanja, pamene mukuyenda pang'onopang'ono mu giya yachiwiri, madonthowo amangokhala pomwepo kudikira waipa. Choncho ngati ndalama ili m'thumba ikukwana chinthu chimodzi chokha chaka chino, gulani mawaipa atsopano, achimwene. Kabotolo mudzagula mukagulitsa nandolo.